Ndikufuna mfuti ngati imene agogo anga ananyamula ku KAR: ndiyambire pati?

"Ndine Mmalawi, ndimakhala ku Indiana kuno ku America ndipo ndili ndi green card. Agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles), anakamenya nkhondo ku Burma. Chomwe anatisiyira ndi chithunzi chimodzi, ataima njo, mfuti ili m'manja. Mwezi watha ndinapita ku chionetsero cha mfuti ndipo ndinaona mfuti zakale za .303 zitayalidwa patebulo. Wogulitsa wina anandionetsa imodzi yokhala ndi kachitsulo kozungulira kolembedwa KAR, akuti inachokera ku Africa, ndipo mtengo wake unali wowirikiza kawiri zinzake. Mtima unagunda koma ndinadzigwira. Kodi ine ndine wololedwa kugula? Yeniyeni ndingaidziwe bwanji? Nanga mfuti ya zaka 80 singandiphulikire kumaso?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, ndipo munachita bwino kubweza dzanja m'thumba tsiku limenelo. Mfuti mukunenazi ndi za mtundu wa Lee-Enfield. Zinapangidwa mamiliyoni ambirimbiri ku Britain, Canada, America, Australia ndi India, choncho sizikutha mawa. Za kuphulikazo ndiyankhiretu: Lee-Enfield imene mmisiri wa mfuti waiyeza n'kuivomereza, ndipo mukuikamo zipolopolo zake zoyenera, ndi mfuti yolimba, anthu ambiri akuwombera nazo mpaka lero. Zoopsa zilipo ndithu, koma pafupifupi zonse zimaoneka ndi maso kapena ndi geji, kachipangizo koyezera ka mmisiri, musanatulutse ndalama.

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa kwa munthu wobwera kulakwitsa apa kumapweteka kuposa kugula mfuti yowola. Lamulo la dziko lonse la America limalola mwini green card kugula mfuti yaitali monga imagulira nzika. Mukapita kwa wogulitsa wa chilolezo, amene amamutcha FFL, mumalemba Form 4473 ndipo iye amafufuza mbiri yanu kudzera mu NICS, njira ya boma yofufuzira mbiri ya ogula mfuti. Pa fomuyo pali funso la unzika ndiponso malo olembapo nambala yanu ya green card. Lembani zoona zokhazokha. Kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu waukulu, ndipo mlandu wa mfuti ndi umodzi mwa milandu imene ingachititse kuti munthu wosakhala nzika abwezedwe kwawo. Kwa abale athu amene ali pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yongocheza nkhani ndi ina: iwo saloledwa kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'lamulo, monga kukhala ndi chilolezo cha ulenje chimene sichinathe ntchito. Wopanda mapepala asayandikireko n'komwe. Ndipo mnzanu akadzati "mundigulireko m'dzina lanu, ndalama nayi", mukane, chifukwa umenewonso ndi mlandu wa ndende. Ngati munamangidwapo pa chilichonse, ngakhale kalekale, kaonaneni ndi loya wa za olowa m'dziko musanalembe fomuyo. Chigawo chilichonse chilinso ndi malamulo akeake owonjezera, choncho mukadzasamuka ku Indiana mudzafunsenso kaye za kumene mukupitako.

Mudzamva anthu akutchula chilolezo cha C&R. Chimenechi ndi FFL ya mtundu wa 03, ya osonkhanitsa mfuti zakale. Chimaperekedwa ndi ATF, bungwe la boma loona za mfuti, kwa munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo, mtengo wake ndi $30 ndipo chimagwira ntchito zaka zitatu. Chimakulolani kugula mfuti za zaka 50 kapena kuposerapo, zosasinthidwa mpangidwe, kuchokera ku chigawo china, ndipo m'zigawo zambiri zimafika pakhomo panu. Inu mumasunga buku lolembamo mfuti iliyonse yolowa ndi yotuluka. Si chilolezo cha bizinesi. Kwa munthu wofuna mfuti imodzi yokumbukira agogo, sindiona chifukwa chochithamangira. Gulani kudzera mwa FFL wapafupi, mulipire kandalama kosinthira umwini, mukhale ndi pepala m'manja.

Mukaitembenuza mfuti yotere mudzaona zolemba zina zimene sizachisilikali, ndipo zili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mfuti zotsala kunkhondo zinalowa mu America zambirimbiri, ndipo zambiri za nthawi imeneyo zinangodindidwa dzina la dziko, monga ENGLAND. Lamulo la Gun Control Act la 1968 linatseka khomo limenelo. Linatsegukanso mu 1984 kwa mfuti zoikidwa m'gulu la zakale, koma tsopano kampani yoitanitsa inayenera kudinda dzina lake, mzinda ndi chigawo. Chidindo chimenechi chimakhala pafupi ndi kukamwa kwa mpope kapena pambali pa thupi la mfuti, china chaching'ono, china chachikulu chonyansa. Sichichepetsa mphamvu ya mfuti, chimangotsitsako mtengo kwa osonkhanitsa okonda zosadindidwa. Kwa inu umenewo ndi mwayi. M'ma 1990 Lee-Enfield yabwino inkapezeka pansi pa $100. Masiku amenewo anapita, lero konzekerani madola mazana angapo, ndipo musanagule onani mitengo imene mfuti zofanana nayo zagulidwiradi pa intaneti, osati imene ogulitsa akungotchula.

Tsopano tengani chithunzi cha agogo chija, chifukwa ndicho chidzakuuzeni mfuti yoti mufune. Asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya dzinja ali mu 11th East Africa Division, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. M'zaka zimenezo mitundu iwiri ya Lee-Enfield inali pa ntchito nthawi imodzi. Woyamba ndi SMLE, imene imatchedwanso No. 1 Mk III, yovomerezedwa mu 1907. Imadziwika ndi mphuno yake yobuntha: thabwa limafika mpaka kukamwa kwa mpope n'kuvekedwa chipewa chachitsulo, ndipo choyang'anira chakumbuyo chimakhala pakati pa mpope. Bayoneti yake ndi yaitali ngati lupanga, mpeni wake mainchesi 17. Wachiwiri ndi No. 4, yovomerezedwa mu 1941. Pa imeneyi mpope umatulukira kunja kwa thabwa pang'ono, choyang'anira ndi kabowo kokhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi diso, ndipo bayoneti yake ya nthawi ya nkhondo ndi kachitsulo kosongoka ngati msomali waukulu. Kuzani chithunzicho pa foni, muyang'ane mphuno ya mfutiyo. Ngakhale chithunzi chitazilala, mphuno sinama.

Ikakhala SMLE, chaka ndi fakitale zimadindidwa pa mkombero wachitsulo umene uli pansi pa chogwirira bolt (chitsulo chokankha ndi kutsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope), kudzanja lamanja. Mudzaona mayina ngati Enfield, BSA, LSA, Lithgow ya ku Australia, kapena Ishapore ya ku India. Kanyenyezi pa Mk III* kakutanthauza mpangidwe wopepukitsidwa wa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene anachotsa zina zochedwetsa ntchito. Ikakhala No. 4, yang'anani kumanzere. Zinapangidwa ku Fazakerley, Maltby ndi BSA Shirley ku Britain, ku Long Branch ku Canada, ndi ku Savage ku America, zimene zambiri zinalembedwa U.S. PROPERTY. No. 4 Mk 2 inayamba mu 1949. Ndi mfuti yabwino kwambiri, koma agogo anu sakanainyamula ku Burma mu 1944. Zilembo za FTR zikutanthauza kuti inabwezedwa ku fakitale kukakonzedwa yonse, ndipo chimenecho si chilema.

Wina akamva mawu akuti Burma adzakutulutsirani No. 5, yaifupi ija yotchedwa Jungle Carbine, yopangidwa kuyambira 1944 mpaka 1947. Samalani nayo, chifukwa zabodza zilipo zambiri. Amalonda anadula ma No. 1 ndi ma No. 4 n'kuwaveka mphuno ya No. 5. Yeniyeni inapangidwa ku Fazakerley kapena BSA Shirley kokha, ndipo mukachotsa thabwa lapamwamba mudzaona kuti chitsulo cha patsinde pa mpope chinasemedwa mizere yopepukitsa. Wogulitsa wokana kuti muone pamenepo, musiyeni.

Za kachitsulo kolembedwa KAR kaja, ndikuuzani mosabisa: musalipire ngakhale dola imodzi yowonjezera chifukwa cha iko. Kachitsulo kozungulira ka pathako pa SMLE kamagwidwa ndi sikuluwu imodzi yokha. Zosalembedwa zimagulitsidwa motchipa, ndipo munthu wokhala ndi zidindo za zilembo ndi kahamala amalemba gulu lililonse limene wafuna m'mphindi zisanu. Komanso No. 4 inatuluka m'fakitale yopanda malo a kachitsulo kameneka n'komwe. Palibenso kaundula amene inu mungatsegule n'kupeza kuti mfuti ya nambala yakuti inapatsidwa kwa msilikali wakuti. Chimene mungapeze ndi mfuti ya mtundu womwewo, ya zaka zomwezo, yolemera makilogalamu anayi omwewo amene agogo anu anasenza m'matope a Kabaw. Kwa ine chimenecho n'chokwanira, ndipo n'choona. Chidindo china cha ku Africa chimene mungakumane nacho ndi chilembo U chokhala ndi muvi m'kati mwake, cha asilikali a Union of South Africa. Chimenecho chimadindidwa pachitsulo penipeni, koma si cha KAR.

Mukapeza mfuti yoti mwaikonda, pemphani chilolezo musanaigwire, tsegulani bolt, chotsani magazini, onetsetsani ndi diso ndi chala kuti mulibe chipolopolo. Kenako yambani ndi manambala. Nambala ya pathupi pa mfuti iyenera kufanana ndi yolembedwa kumbuyo kwa chogwirira bolt. Pa Lee-Enfield zimenezi si za maonekedwe chabe. Bolt yake imakhoma kumbuyo pa mano awiri, ndipo bolt iliyonse inkakwanitsidwa pa mfuti yakeyake kuti mano onse awiri azigawana mphamvu ya kuphulika. Bolt yochokera ku mfuti ina ikhoza kutsamira dzino limodzi. Pa SMLE nambala yomweyo imapezekanso pa mpope, pa chipewa cha kumphuno ndi kunsi kwa choyang'anira chakumbuyo.

Mukatero tulutsani bolt, muwalitse tochi kumbuyo n'kusuzumira kukamwa. Kuda kokha si vuto lalikulu, nthawi zina ndi litsiro la zaka zambiri. Chimene mukufuna ndi mizere yokhota ya m'kati mwa mpope yokhala ndi m'mphepete mwakuthwa, osati yosalala ngati inanyambitidwa. Mizereyi imakhala isanu, koma zina za nthawi ya nkhondo zili ndi iwiri yokha, ndipo zinapangidwa dala choncho. Yang'anitsitsani poyambira mpope, patsogolo penipeni pa chipinda cha chipolopolo. Wonga wa cordite umene a Britain ankagwiritsa ntchito unkatentha kwambiri n'kumadya pamenepo, moti mfuti ikhoza kukhala yowala kukamwa koma yodyeka kukhosi. Nyamulani mutu wa chipolopolo wopanda wonga, muulowetse kukamwa kwa mpope. Ukamira wonse osagwira, kukamwa kunatha, kawirikawiri chifukwa cha chingwe chotsukira chimene chinkakhuza mbali imodzi. Mdima wozungulira ngati mphete m'kati ndi chizindikiro chakuti mpope unafufuma, imeneyo isiyeni. Chenjerani ndi mfuti yonyezimira kunja, thabwa lopalidwa ndi kupakidwa vanishi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: wopala thabwa amafufutanso zidindo, ndipo sandipepala sabweza mpope wowola.

Gwirani thabwa lakutsogolo muligwedeze chamtsogolo ndi chambuyo. Lisasunthe. Likamasewera ndiye kuti m'kati, pamene thabwa limatsamira chitsulo, mwaphwanyika kapena mwafewa ndi mafuta, ndipo mfuti yotero imamwaza zipolopolo, kenako thabwa limang'ambika. Za Lithgow zimene zili ndi thabwa la coachwood zimang'ambika msanga ngati mulibe tizitsulo tolimbitsa m'katimo. Mfuti zodulidwa thabwa kuti zikhale za ulenje zimatchipa, koma kubwezeretsa zonse zochotsedwa kumadya ndalama zoposa kugula yathunthu.

Pali zilembo ziwiri zimene muyenera kuzisaka paliponse, pachitsulo ndi pathabwa: DP. Zikutanthauza kuti mfutiyo inachotsedwa pa ntchito yowombera n'kusiyidwa kuti izingogwiritsidwa ntchito pa perete. Zina zinapakidwa mizere yoyera ndi yofiira, zina zinabooledwa pambali pa chipinda cha chipolopolo pamalo obisika ndi thabwa. Mfuti ya DP musawombere nayo ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi yabwino. Yopachika pakhoma basi. Onetsetsaninso mtundu wa chipolopolo. Ishapore 2A ndi 2A1 zimafanana kwambiri ndi SMLE koma zimadya zipolopolo za 7.62 NATO, ndipo magazini ake ndi ambali zinayi olowa zipolopolo 12, pamene a .303 ndi opendekera ndipo amalowa 10. Palinso zina zimene zinasinthidwa kukhala za .22 zophunzirira, ndi zina za .410 zolowa chipolopolo chimodzi.

Chimene simungachione ndi maso ndi headspace, mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pokhalira mkombero wa chigoba cha chipolopolo. Asilikali a Britain ankalola mpata woyambira pa mainchesi 0.064 kufika 0.074, kusiyana kwa ngati mapepala awiri kapena atatu. Mpata ukakula, chigoba chimatanuka n'kuduka pafupi ndi tsinde, mpweya wotentha n'kubwerera kumbuyo kumene kuli nkhope yanu. Mmisiri amatsuka chipinda, kuikamo geji ya 0.074 n'kutsitsa bolt ndi chala chimodzi popanda kukakamiza. Isatsekeke. Dziwani kuti geji zambiri zogulitsidwa ku America ndi zothina kuposa za asilikali, NO-GO ya 0.067 ndi FIELD ya 0.070, choncho mfuti yabwinobwino ikhoza kukanidwa ndi mmisiri wosazolowera Lee-Enfield. Mufunseni kuti akugwiritsa ntchito geji iti. Ubwino wa No. 4 ndi wakuti mutu wa bolt umamasulidwa, ndipo ulipo wa nambala 0, 1, 2 ndi 3, wotalikirako nambala ikamakwera. Koma musangoitanitsa nambala yotsatira n'kumanga nokha. Mitu ya nambala imodzi simafanana ndendende kutalika, ndipo mmisiri ayenera kuonanso pamene mutuwo ukuimira ukamangidwa. Mfuti imene ili kale ndi mutu wa 3 koma ikulepherabe geji yafika kumapeto. Gwirizanani ndi wogulitsa kuti mudzaibweza ikalephera kwa mmisiri.

Mukafika nayo kunyumba mudzapeza girizi wofiirira wouma, cosmoline, m'makona onse. Zitsulo ziviikeni mu mineral spirits n'kuzikwecha ndi mswachi wakale, makamaka m'kati mwa bolt, chifukwa girizi akaumira mmenemo msomali womenya chipolopolo umayenda mwaulesi. Thabwa likulungeni m'mapepala, muliike m'thumba lakuda padzuwa, muzipukuta mafuta akamatuluka. Musalipale. Likauma lipakeni mafuta a linseed pang'onopang'ono ndi chikhatho, monga ankachitira asilikali. Nsanza za linseed muziviike m'madzi kapena muziyanike panja zotambasula, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Pa SMLE pali msampha umodzi umene waononga mfuti zambiri: chotsani thabwa lakutsogolo musanakhudze sikuluwu yaikulu ya thako. Nsonga ya sikuluwu imeneyo ndi yambali zinayi ndipo imalowa m'kachitsulo ka m'thabwa lakutsogolo, moti mukaipotokola thabwalo lili pamalo, limang'ambika. Pomanga, thako liyambe.

Zipolopolo gulani zatsopano za .303 British, monga za Prvi Partizan kapena Sellier & Bellot, zolemera magireni 174 kapena 180 (gireni ndi muyezo wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo), pafupi ndi chipolopolo cha asilikali cha Mk VII cha magireni 174 chimene zoyang'anira zinapangidwira. Zakale za asilikali zimatchipa koma zili ndi mavuto awiri. Loyamba, zambiri zili ndi primer (kachitsulo ka patsinde pa chigoba koyatsa wonga) yosiya mchere m'mpope. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo dzimbiri limayamba usiku umodzi wokha kukakhala konyowa. Mafuta sasungunula mchere, madzi ndiwo amatero. Asilikali ankathira madzi owira kudzera mu fanelo kuchokera kumbuyo kwa mpope. Inunso chitani chimodzimodzi tsiku lomwelo: ketulo imodzi, kenako tinsalu touma, kenako mafuta, osaiwala nkhope ya bolt, ndipo mudzasuzumirenso mawa lake. Lachiwiri, zina zimachedwa kuphulika. Mukakoka trigger n'kungomva "tche", mfuti ikhalebe yoloza kumene mukuwombera, muwerenge masekondi 60 musanatsegule bolt. Kulira kukamveka kofooka, imani, tulutsani bolt, muone ngati chipolopolo sichinatsakamire m'mpope. Kuwombera china pamwamba pake ndiko kumaphulitsa mfuti.

Tsiku loyamba pitani kumalo ovomerezeka owomberako, ndi munthu wozolowera, mutavala magalasi ndi zotseka m'makutu. Ngati simunagwirepo mfuti, yambani ndi kosi ya chitetezo. Ikani chipolopolo chimodzi chokha, wombani, muyang'ane chigoba. Kufufuma pang'ono n'kwachibadwa chifukwa zipinda za mfutizi zinapangidwa zotakasuka kuti zizigwira ntchito m'matope. Koma kamzere kowala kozungulira pafupi ndi tsinde, mng'alu, kapena primer yotulukira kunja, zikutanthauza kuti mubwerere kwa mmisiri. Podzaza magazini, mkombero wa chipolopolo chapamwamba uzikhala patsogolo pa wa chapansi, apo ayi zimakolana bolt n'kukana kupita. Musadabwe zikamagunda pamwamba pa mayadi 100: kabowo koyang'anira kankhondo ka No. 4 kanaikidwira mayadi 300, ndipo choyang'anira cha SMLE chimayambira pa 200. Mabowo a papepala akamaoneka aatali m'malo mozungulira, chipolopolo chikugubuduka m'njira. Yesani zipolopolo za tsinde lafulati musanaweruze kuti mpope watha, chifukwa mipope yodyeka ndi ya mizere iwiri imagwira bwino zimenezo.

Kunyumba isungeni yopanda chipolopolo m'kabati yachitsulo yokhoma, zipolopolo pena, kiyi kutali ndi ana. Musaisiye m'chikwama cha siponji, chimasunga chinyezi. Ndipo ngati mumalingalira zodzapita nayo kumudzi kuti abale akaione, musaiike m'kontena pamodzi ndi katundu wina, ngakhale bolt yokha kapena chipolopolo chimodzi. Kuitulutsa mu America kumafuna chilolezo cha boma, ndipo kuilowetsa ndi kuisunga ku Malawi kumafuna zilolezo za apolisi zimene muyenera kukhala nazo mfuti isananyamuke. Kwa abale akumudzi, ijambuleni pafupi ndi chithunzi cha agogo, mphuno ya mfuti ikuonekera bwino, muwatumizire pa WhatsApp.